Akatuluka m'chipatala, adzamudzutsa ndani?

Tsiku lomwe wodwala watulutsidwa m'chipatala limakhala lachisangalalo. Achibale amapinda mphasa, kulongedza mapoto ndi zidebe, wina n'kuthamangira kudepoti kukasaka galimoto. Koma kwa munthu yemwe wafa ziwalo, wathyoka msana kapena wadulidwa mwendo, tsikuli si mathero a matenda ayi. Ntchito yeniyeni imayambira pamenepa.

Tiyerekeze bambo wa zaka 55 yemwe amagulitsa nsomba zouma mumsika wa pa Liwonde. M'mawa wina akudzuka kuti akapikule katundu, mwadzidzidzi akugwa pakhonde. Kukamwa kwapotokera mbali imodzi, mkono ndi mwendo wakumanja sizikugwira, ndipo akati ayankhule mawu sakutuluka. Achibale akumuthamangitsira kuchipatala cha boma la Machinga, chomwe chili pa Liwonde pomwepo. Kumeneko akuuzidwa kuti ndi sitiroko, ndipo yadza chifukwa cha BP.

Patatha masiku, BP yatsika, moyo wapulumuka, bamboyo akuuzidwa kuti akhoza kupita kunyumba. Apa ndi pomwe mayi a kunyumba amagwira njakata: "Kodi bambo a anawa adzayendanso? Kuchimbudzi ndidzawanyamula mpaka liti? Nanga pabenchi pathu kumsika padzakhala ndani?"

Mafunso amenewa sangayankhidwe ndi dokotala mmodzi. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani yodzutsa munthu wofa ziwalo mwambiwu ndi woona kotheratu. Pali gulu la anthu a maluso osiyanasiyana lomwe limayenera kugwirira pamodzi, aliyense ndi gawo lake. Banja lomwe likuwadziwa anthu amenewa limadziwanso khomo loti ligogode.

Vutoli si la banja limodzi

Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka zisanu kupita mtsogolo m'dziko muno, anthu 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Kafukufuku yemwe unduna wa zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 adapezanso kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. BP yosasamalidwa ndi yomwe imabweretsa sitiroko kwa anthu ambiri.

Kuno kuchigwa cha Shire kulinso zina zomwe zimasiya anthu ndi ulumali: ngozi za kabaza ndi galimoto m'misewu yopita ku Zomba, ku Balaka, ku Mangochi ndi ku Ntaja, ng'ona ndi mvuu mumtsinje, malungo ogwira ubongo kwa ana, kupsa ndi moto makamaka kwa anthu akhunyu, komanso matenda a shuga omwe amadulitsa miyendo. Onsewa akachira amafunika wowathandiza kubwerera kumunda, kumsika kapena kusukulu.

Dokotala ndi namwino

Woyamba kukumana ndi bambo wathu uja ndi dokotala. Ntchito yake ndi kupeza chomwe chachitika ndi chomwe chachititsa: kuyeza BP, shuga, mtima komanso HIV, popeza kafukufuku wa kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2016, adaonetsa kuti kachiromboka kamachititsanso sitiroko, makamaka kwa achinyamata. Dokotala ndiye amapereka mankhwala oteteza kuti sitiroko isabwererenso, ndiponso ndiye amalemba kalata yotumiza wodwala kwa anzake ena a m'gululi, kapena kuchipatala chachikulu cha Zomba ngati vuto lakula.

Mankhwala a BP sali ngati a malungo oti ukamaliza mapiritsi basi zatha. Ambiri amasiya akangoona kuti mutu wasiya kupweteka, ndipo sitiroko yachiwiri imabwera yoopsa kuposa yoyamba.

Namwino ndiye amakhala ndi wodwala usana ndi usiku, choncho amaona zomwe ena sangaone. Munthu wosatha kudzitembenuza akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, khungu la pamatako, m'chiuno ndi pazidendene limafa n'kusanduka zilonda zozama zomwe zimatha kupha. N'chifukwa chake anamwino amalimbikira zoti wodwala azitembenuzidwa pakatha maola awiri aliwonse, komanso kuti asagonere zofunda zonyowa ndi mkodzo. Namwino amaonanso ngati wodwala akumeza bwino, akukodza bwino komanso akuchita chimbudzi. Gadiyani wanzeru amaima pafupi namwino akamagwira ntchitoyi, chifukwa mawa lake kunyumba ntchitoyo idzakhala yake.

A mafizo

Anthu ambiri akamva za mafizo amaganiza za kusisita thupi ndi mafuta. Ntchitoyi ndi yoposa pamenepo. Sitiroko imaononga mbali ina ya ubongo, osati mkono kapena mwendo weniweniwo. Ubongo uli ndi mphamvu yophunziranso pogwiritsa ntchito mbali zomwe zatsala, koma umaphunzira pokhapokha chinthu chikamabwerezedwa kambirimbiri, monga momwe mwana amaphunzirira kuyenda.

Choncho dokotala wa mafizo amayamba ndi zazing'ono: kutembenuka pabedi, kukhala tsonga osagwa, kuimirira, kenaka kuponya phazi. Amapinda ndi kuwongola mfundo za mkono ndi mwendo kuti zisaume, chifukwa chiwalo chikakhala chopindika kwa miyezi chimakhazikika momwemo. Amasankhanso chomwe wodwala angayendere, kaya ndi ndodo, kaya ndi chitsulo chogwira ndi manja awiri.

Nthawi ndi yofunika kwambiri pa nkhaniyi. Kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi yoyambirira, ngakhale munthu amatha kupitiriza kupeza bwino pambuyo pake. Banja lomwe lataya miyezi imeneyi likufufuza yemwe walodza wodwalayo limakafika ku mafizo mkono utauma kale.

Pali cholakwika china chomwe achibale amachita mosadziwa: kudzutsa wodwala pomukoka mkono wakufawo. Minofu ya paphewa imakhala itafooka, ndiye kukokako kumagulula phewa n'kusiya ululu wa miyezi. A mafizo amaphunzitsa kagwiridwe koyenera, komwe kamatetezanso msana wa wonyamulayo.

Kudya, kuvala ndi kuyankhula

Kuyenda kokha sikukwanira. Bambo uja akufuna azitha kutema nsima yekha, kumanga mabatani a malaya, kusamba, kupita kuchimbudzi popanda mwana wake wamkazi kumugwirizira. Apa ndi pomwe pamalowa katswiri wina yemwe pa Chingerezi amamutcha occupational therapist. Iyeyu amayang'ana ntchito za tsiku ndi tsiku za munthu n'kupeza njira yoti azizigwira ndi thupi lomwe ali nalo tsopano.

Nzeru zake zambiri sizilira ndalama. Supuni amaikulunga nsalu kapena mphira pachigwiriro kuti dzanja lofooka liigwire. Povala malaya amaphunzitsa kuyamba ndi mkono wodwala, povula kumalizira nawo. Pachimbudzi chokumba amalangiza kuika mpando woboola pakati ndi mtengo wogwirira. Khonde lalitali amati lithiridwe dothi kuti pakhale potsetsereka. Ndiye amene angaganizirenso ngati bamboyo angabwerere pabenchi lake kumsika, kumawerenga ndalama ali chokhala, mwana akumunyamulira madengu.

Pali katswiri winanso woona za kuyankhula ndi kumeza. Wodwala sitiroko yemwe sakutha kuyankhula sikuti wapenga kapena wabwerera ku umwana. Nthawi zambiri amadziwa chomwe akufuna kunena, koma mawu amamuthawa. Kumukalipira kapena kumukamba ngati palibepo kumamupweteka mtima. Amafunika kumuyankhula pang'onopang'ono, funso limodzi pa nthawi imodzi, ndi kumupatsa mpata woti ayankhe.

Za kumeza ndiye zoopsa kwambiri. Chakudya kapena madzi zikalowera njira ya mpweya zimayambitsa chibayo, chomwe chimapha odwala sitiroko ambiri. Wodwala asamadyetsedwe chogona. Akhale tsonga, apatsidwe pang'onopang'ono, ndipo ngati akutsamwa kapena kutsokomola pakumwa, achipatala adziwitsidwe msanga. Woona za kadyedwe ndiye amalangiza za phala loyenera komanso kuchepetsa mchere, nkhani yovuta ndithu m'dera lomwe ndiwo zambiri ndi nsomba zouma.

Akatswiri awiriwa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu. M'maboma, mbali ya ntchito yawo imagwiridwa ndi a mafizo ndi anamwino. Choncho musachite manyazi kufunsa wa mafizo za supuni, za chimbudzi kapena za kutsamwa.

Opanga miyendo ndi zitsulo

Kwa yemwe wadulidwa mwendo chifukwa cha shuga, ngozi kapena ng'ona, m'gululi mumalowa amisiri opanga miyendo ndi manja. Iwowa amayeza chitsa cha mwendo, kuumba chikombole, n'kupanga mwendo wogwirizana ndi munthuyo. Amapanganso zitsulo ndi mapulasitiki zochirikiza phazi logwa. Koma mmisiriyu sangachite kanthu ngati dokotala sadadule bwino, ngati namwino sadasamale bala, komanso ngati wa mafizo sadateteze bondo kuti lisaume chopindika. Apa ndi pomwe zimaonekera poyera kuti ntchito ya mmodzi imadalira ya mnzake.

Ntchito yopanga miyendoyi imachitika kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Mzuzu Central malo otere adakhazikitsidwa mothandizidwa ndi bungwe la 500 miles la ku Scotland, lomwe adaliyambitsa ndi mayi Olivia Giles, yemwe naye adadulidwa manja ndi mapazi atadwala matenda oumitsa khosi.

Njinga ya olumala nayo si yongotola. Ikakhala yaikulu kapena yaing'ono, kapenanso yopanda khushoni, imabweretsa zilonda ndi kupindika kwa msana. Iyenera kuyezedwa monga timayezera nsapato, ndipo ikhale yoti ipirire mchenga ndi matope a m'midzi mwathu.

Mtima nawo umadwala

Bambo yemwe dzulo ankadyetsa banja lonse, lero akusambitsidwa ndi mkazi wake. Zoterezi zimaswa mtima. Mwa anthu atatu aliwonse omwe adwala sitiroko, pafupifupi mmodzi amagwidwa ndi matenda okhumudwa: kukana kudya, kulira, kusowa tulo, kukana mafizo. Achibale amati wayamba ulesi kapena mwano, chikhalirecho ndi matenda omwe ali ndi thandizo. Anamwino ndi madokotala a zamaganizo alinso mbali ya gululi, ndipo abusa, ansembe ndi mashehe ali ndi gawo lawo lolimbikitsa popanda kuletsa munthu mankhwala.

A ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma nawo amafunika. Iwowa ndiwo amadziwa za ndondomeko monga Mtukula Pakhomo, za mabungwe omwe amapereka zipangizo, komanso za ufulu wa munthu waulumali. Mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo latsopano la anthu aulumali lomwe lidalowa m'malo mwa malamulo a mu 1971 ndi 2012, ndipo bungwe la MACOHA lidasanduka MACODA. Kumudzi, mlangizi wa zaumoyo ndiye diso la chipatala: amatha kuona msanga ngati wodwala wasiya mankhwala kapena wayamba zilonda.

Si akuluakulu okha

Mnyamata wa kabaza akathyoka ntchafu, amathandizidwa ndi madokotala a mafupa omwe amadziwika kuti ma OCO. Iwowa ndiwo amawongola fupa, kuika chikhakha kapena kumangirira mwendo ku zitsulo zokoka kwa masabata angapo. Fupa likalumikizana, bondo limakhala litauma ndipo minofu itafota. Popanda mafizo, mnyamatayo akhoza kutsimphina moyo wake wonse ngakhale fupa lidapola bwinobwino.

Mwana wobadwa ndi mapazi opindika sadalodzedwe, ndipo mayi ake sadalakwire mwambo uliwonse. Akapita naye msanga, m'masabata oyambirira, achipatala amawongola mapaziwo pang'onopang'ono ndi zikhakha zosintha sabata iliyonse, kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Ana ambiri amachitidwanso kaopaleshoni kakang'ono kumtsempha wa kuchidendene. Kenaka mwana amavala nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo, usana ndi usiku kwa miyezi itatu, pambuyo pake usiku wokha mpaka atakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu. Makolo akatopa n'kusiya nsapatozi, mapazi amapindikanso. Ana ofunika opaleshoni yaikulu amatumizidwa kuchipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chidatsegulidwa mu 2002.

Kwa mwana yemwe ubongo wake udavulala pobadwa kapena ndi malungo, gululi limakula ndithu. Pamafunika wa mafizo, kalipentala wokhoma mpando womukhazika tsonga, dokotala woletsa kukomoka, komanso mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, ngati omwe amaphunzira kukoleji ya Montfort ku Chiradzulu. Mwana wotere malo ake ndi pakati pa anzake, osati kuseri kwa nyumba.

Tidachokera kutali

Ntchito yodzutsa anthu ofa ziwalo m'dziko muno idakula chifukwa cha poliyo. Mu 1979 kudabadwa bungwe la Malawi Against Polio, lomwe anthu amangoti MAP, ndipo poliyo atachepa lidasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities. Poona kuchepa kwa madokotala aakulu a mafupa, Dr Edward Blair adayambitsa maphunziro a ma OCO mu 1985, a miyezi 18. Pofika 2008 anthu oposa 100 adali atadutsa m'maphunzirowa, ndipo ndiwo akhala msana wa chithandizo cha mafupa m'zipatala za m'maboma.

Mu 1992 MAP idatsegula malo a Kachere ku Blantyre, kufupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, komwe odwala sitiroko ndi ovulala msana amagonekedwa kuti aphunzire kudzidalira. Mu 1999 pamalo omwewa padayamba maphunziro a othandiza pa ntchito ya mafizo, omwe ambiri adatumizidwa m'maboma. Madokotala a mafizo a digiri ankaphunzira kunja kokhakokha mpaka mu 2010 pomwe sukulu ya College of Medicine idayamba kuwaphunzitsa. Sukuluyi idalowa mu yunivesite ya KUHeS mu 2021.

Maboma a Machinga ndi Balaka, omwe adali boma limodzi mpaka 1998, ali ndi mbiri yawo pa nkhaniyi. M'zaka za m'ma 2000 adali m'gulu la maboma omwe MACOHA inkayendetsamo ndondomeko yothandiza anthu aulumali m'midzi mwawo momwemo, pogwiritsa ntchito anthu odzipereka. Bungwe la Sue Ryder Foundation, lomwe lidakhazika likulu lake pa Balaka, lidadziwikanso ndi kuyendera anthu akhunyu, amphumu ndi aulumali m'midzi ya ku Balaka ndi Ntcheu.

Dziko lonse lapansi nalo ladzuka. Mu 2017 bungwe la WHO lidayambitsa ndondomeko ya Rehabilitation 2030, ndipo mu 2023 msonkhano waukulu wa bungweli udagwirizana kuti thandizo lotere likhale mbali yeniyeni ya ntchito za umoyo m'dziko lililonse.

Wofunika kuposa onse

Komabe chilungamo chake n'chakuti akatswiriwa ndi ochepa ndipo ali kutali. Kuchoka pa Liwonde kukafika ku Zomba ndi makilomita oposa 50, ku Blantyre ndi oposa 100. Kwa banja la ku Nayuchi, ku Chikweo kapena ku Utale, ngakhale kufika paboma penipenipo ndi wodwala wosayenda ndi ndalama zambiri. Wa mafizo akhoza kumuona wodwala ola limodzi pa sabata kapena pamwezi. Maola ena onsewo amakhala m'manja mwa mkazi wake, mwana wake, mlongo wake kapena mdzukulu.

Choncho gadiyani ndi membala wa gululi, ndipo wodwala mwini wake ndiye mutu wake. Mitengo iwiri ya nsungwi yokhomedwa pabwalo imasanduka pophunzirira kuyenda. Kutola nyemba m'lichero ndi mafizo a zala. Kusenda mtedza, kupukusa chimanga, kupinda zovala, zonsezi ndi mankhwala.

Chikondi chimathanso kuononga. Banja likamamuchitira wodwala chilichonse, kumudyetsa, kumuveka, kumuyankhira mafunso, thupi lake limaiwala ntchito. Musiyeni ayese, ngakhale nsima igwe pansi. Ndipo ntchitoyi isasiyidwe kwa mayi mmodzi yekha. Achimwene, alamu ndi ana aamuna agawane masiku, chifukwa wosamalira odwala akatopa n'kugwa, m'nyumba mumakhala odwala awiri.

Musanamange katundu

Tsiku lotuluka m'chipatala lisanafike, banja lifunse mafunso awa. Kodi wodwala wathu waonedwa ndi a mafizo, ndipo tibwere nawo liti? Tizimutembenuza, kumudzutsa ndi kumudyetsa motani? Mationetseko, ifenso tiyese inu mukuona. Mankhwalawa amwa mpaka liti, ndipo akatha tikatenge kuti? Akufunika ndodo, chitsulo kapena njinga, ndipo tingazipeze kuti? Ndi zizindikiro ziti zomwe tikaziona tibwerere msanga? Zonse zilembedwe m'buku lake la kuchipatala kuti aliyense womuona adziwe zomwe mnzake wachita.

Ndipo kwa ife omwe tikuyenda bwinobwino lero: mukaona munthu kukamwa kwapotoka mwadzidzidzi, mkono wafooka kapena lilime lalemera, musadikire kuti kuche, musayambe mwatemera mphini. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Si onse omwe amachira kotheratu, ndipo wachipatala woona mtima sangalonjeze zimenezo. Mwina bambo wathu uja mkono wake sudzabwereranso mwakale. Koma ngati dokotala, namwino, wa mafizo ndi banja lake agwirana manja kuyambira sabata yoyamba, mwayi ulipo woti tsiku lina mudzamupeza pabenchi lake mumsika wa pa Liwonde, ndodo ili pambali, akuwerenga chenje ndi dzanja lamanzere.